Mlamba wa mu Lirangwe tiziupha ndi mbedza

 Lero za feteleza ndi mbewu ndaziika kaye pambali. Ndikufuna tikambe za nsomba mvula yoyamba isanagwe, chifukwa ikangogwa aliyense adzakhala ali kumtsinje ndi tochi m'manja, ndipo palibe adzamve za mnzake. Ndi yaitali nkhaniyi, amene bandulo yakuthawani muwerenge mawa.

Amene muli ndi mafoni a intaneti mwina munawaonapo mavidiyo a azungu akuwedza chinsomba china chachitali, chobiriwira, chakukamwa ngati kwa bakha koma modzaza mano. Dzina lake ndi pike. Chimapezeka kumadzi ozizira a ku Ulaya, ku Russia, ku Canada ndi kumpoto kwa America. Kuno kulibe, musavutike kukachifuna mu Shire. Chimene chimatiseketsa ife ndi mathero a vidiyo: munthu walimbana nacho mpaka thukuta, wachivuula, wajambulitsa, kenako n'kuchibwezera m'madzi bwinobwino ngati akugoneka khanda. Ife timati imeneyo ndi misala ya anthu okhuta, ndiwo ya banja lonse kuitaya dala.

Kukhuta ndi okhutadi, sindikana. Koma misala ayi. Taonani mmene amawedzera. Pike ndi nsomba yodya zinzake, ndipo siyendayenda kusaka chakudya ngati matemba. Imabisala m'udzu wa m'madzi kapena pansi pa mtengo wogwera, n'kungokhala zii, kudikira. Kansomba kakadutsa pafupi imatuluka kamodzi n'kamodzi n'kukagwira chopingasa. Ndiye wowedza sataya nthawi poyera pakati pa madzi, amaponya m'mphepete mwa udzu. Nyambo yake ndi kachitsulo konyezimira kokhala ngati supuni, kapena kapulasitiki kopangidwa ngati nsomba, ndipo amakakoka modukizadukiza kuti kazioneka ngati kansomba kovulala. Ena amakola kansomba kakufa n'kukasiya pansi. Pakati pa mbedza ndi chingwe amaikapo kawaya, chifukwa mano a pike amadula chingwe ngati lezala. Munthu wotere nsomba yake amaidziwa: kumene imagona, chimene imadya, mwezi umene imaswana.

Ndipo chimene amabwezera zikuluzikulu n'chakuti pike zazikulu kwambiri pafupifupi zonse zimakhala zazikazi, ndipo yaikulu ndi imene imaikira mazira ambiri. Ku Ireland, kumene kuli ana athu ena pa sukulu ndi pa ntchito, anakhazikitsa lamulo mu 2006 lakuti munthu atenge pike imodzi yokha pa tsiku, ndipo yopitirira masentimita 50 asaiphe. Ku England mitsinje amaitseka kwa owedza nsomba zamtunduwu kuyambira pa 15 Malichi mpaka pa 15 Juni chaka chilichonse kuti nsomba ziswane. Dziko la anthu ochuluka chonchija, mitsinje yodutsa m'matauni, koma nsomba zilimobe. Ife tili ndi Lirangwe, Lunzu, Likhubula, timitsinje tambirimbiri totsikira ku Shire, koma mwana wa sitandade 5 lero akaona mlamba wautali ngati mkono amathamangira kukaitana anzake.

Nsomba ya kuno kwathu yofanako ndi pike pa ukali ndi mcheni wa ku Chikwawa ndi ku Nsanje, uja wa mizere m'nthiti ndi mano oonekera ngakhale utatseka pakamwa. Nawonso umafuna kawaya kutsogolo kwa mbedza, umagwa ndi kachitsulo konyezimira kapena kansomba, ndipo ukakodwa umadumpha m'mwamba kupukusa mutu mpaka mbedza kulavuka. Koma kwathu kuno sufika. Mpanda wake ndi mathithi a Kapichira, omwe aja anabweza sitima ya David Livingstone mu 1859. Kuchoka pamenepo kukwera ku Mpatamanga, ku Tedzani, ku Nkula mpaka cha ku Matope, Shire ndi wa miyala ndi mathithi, nsomba ya kumunsi singakwere. Kunyanja kulinso ina imene amaitcha mcheni, yowonda yaitali ija mumaigula yowamba pamsika. Umenewo ndi mtundu wina, tisasokoneze.

Choncho chilombo cha m'madzi athu ndi mlamba basi. Abale athu a Sabata mundikhululukire, ndikudziwa kuti nsomba yopanda mamba simuikhudza, koma werenganibe chifukwa zimene zikupha mlamba zikuphanso makumba ndi matemba anu.

Mlamba suona bwino, maso ake ndi ting'onoting'ono. Umasaka ndi ndevu zija zisanu ndi zitatu, zimene zimakhudza komanso kulawa, ndiponso ndi fungo. N'chifukwa chake madzi akada ndi matope, pamene nsomba zina zimasowa chochita, iwo m'pamene umadya bwino. Kumutu kwake, pamwamba pa makha, uli ndi kachiwalo kopumira mpweya ngati ife, ndiye umapirira m'thamanda lotentha lopanda mpweya momwe makumba afa kale, ndipo usiku kukanyowa umatha kukwawa pa udzu kuchoka thamanda ili kupita lina. Kudya sukusankha: nsomba, achule, nkhanu, nyongolotsi, ngumbi, nkhuyu zogwera m'madzi, kanthu kakufa kalikonse. Amene akudziwa zimenezi wawedza kale theka.

Malo ake m'chilimwe ndi maiwe akuya amene madzi saphwa. Musaponye pakati poyera. Funani pamene madzi anakumba pansi pa gombe, pa mizu ya mkuyu kapena ya katope, pa chigumula chimene chinaunjika zinyatsi, pansi pa thanthwe, kapena pamene kamtsinje kakang'ono kakuthira. Masana dzuwa lili pamutu mlamba umakhala uli phee m'mphako zimenezi, ndipo mukhoza kukhala tsiku lonse osaona kanthu n'kumanena kuti dziwe latha. Nthawi yake ndi dzuwa likapendeka mpaka usiku, ndi m'bandakucha. Phokoso suligwirizana nalo. Anyamata a masiku ano amapita kokawedza ndi sipika ya Bluetooth, kupondaponda pagombe, kenako n'kumati mtsinje analodza. Kugunda kwa phazi pansi nsomba imakumva kudzera m'madzi musanaponye n'komwe.

Nyambo ndiye zili pakhomo pomwepa. Nyongolotsi za m'dimba kapena za pa dzala, osakola imodzi yokha koma zitatu zinayi, michira izigwedera. Matumbo a nkhuku ogonetsa tsiku limodzi kuti fungo lituluke. Ziwala, nkhululu, ngumbi nthawi yake ikafika, kachule kakang'ono, kapena kachidutswa ka thembwe... pepani, ka katemba kodula pakati kuti magazi azituluka. Mbedza ikhale yokulirapo ndi yolimba, yoti kamlamba kofanana ndi chala sikangaimeze, ndipo nsonga yake izituluka pang'ono kunja kwa nyambo. Ambiri amaikwirira yonse poganiza kuti nsomba iona chitsulo n'kuthawa. Mlamba chitsulo sulabadira, koma nsonga yokwiririka siilasa. Pamwamba pa mbedza, mtunda wa dzanja limodzi kapena awiri, mangani cholemetsa, kaya nati ya njinga kaya kamwala, kuti nyambo ikhale pansi pomwe mlamba umayenda. Pamadzi odekha mukhoza kuika kachidutswa ka patapata wakutha kapena ka phesi kuti kaziyandama, kakuuzeni zimene zikuchitika pansi. Kawaya ka pike kaja pano sikafunika, mano a mlamba ali ngati sandipepa, sadula. Chimene chimadula chingwe ndi miyala ndi mizu, ndiye muziyendetsa chala pachingwe, pakakhala pokalakala dulani mumangenso.

Kudya kwake ndi kumene kumasiyanitsa wodziwa ndi wongoyamba. Nkhanu ndi matemba zimajompha mwachangu, choyandama chija chimangovinavina pamalo amodzi. Mlamba umayamba wagunda kamodzi kapena kawiri, kenako umatenga nyambo n'kuyamba ulendo, chingwe chikuwongoka pang'onopang'ono. Mukakoka pa kugunda koyamba mwaulanda pakamwa. Dikirani chingwe chikungike, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye mukoke kamodzi molimba, ndipo musaupatse mpata wolowa kumizu chifukwa ukalowako ndi mbedza yanu yomwe yapita. Mukauvuula samalani minga iwiri ya m'mbali mwa mutu. Gwirani kuseri kwake, chala ichi uku china uko. Bala la munga wa mlamba limatupa, mlimi sagwira khasu masiku angapo.

Amene alibe nthawi yokhala pagombe amatchera: zingwe zisanu kapena khumi, chilichonse pa nthambi yofewa kapena pa bango lolimba loti nsomba ikakoka lizipinda osathyoka, kutchera madzulo, kukaonja m'mamawa. Koma muzikaonjadi. Chingwe chosiyidwa masiku atatu chimaolera nsomba, chimakolanso bakha wa mnzako. Ndipo inu a kufupi ndi Shire, a kwa Kunthembwe ndi a cha ku Zalewa, musamaime malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku m'mphepete mwenimweni, ng'ona imawerenga chizolowezi cha munthu kuposa mmene inu mumawerengera cha mlamba.

Ndafotokoza zonsezi mwadala, kuti muone chimene mbedza imachita. Imasankha. Imatenga imodzi imodzi, yaikulu yoti yameza nyambo, ana n'kutsala. Munthu wa mbedza akhale katswiri chotani, dziwe sangalimalize. Mono wolukidwa bwino ndi nsungwi nawonso uli ndi mipata, tiana timatuluka. Zida zimenezi zadyetsa midzi ino kuyambira kale njanji isanadutse pa Lirangwe.

Tsopano tiyeni ku zimene zikuchitika mu Okutobala ndi Novembala, madzi ataphwa, nsomba zonse za mtunda wautali zitaunjikana m'maiwe atatu anayi. Anthu asinja katupe, kapena masamba a ombwe amene alangizi anatipatsa kuti azibwezera chonde m'munda, n'kukasukuluza m'dziwe. Mankhwala a m'zomera zimenezi amalowera m'makha n'kuitsekera nsomba mpweya. Pakapita kanthawi zonse zili mimba m'mwamba: makumba, matemba, tiana tosaoneka n'komwe, ngakhale tizilombo ta m'madzi timene nsomba zimadya. Otola amatola zazikulu, zotsalazo zimaolera pomwepo, ng'ombe zibwera kudzamwa madzi onunkha. Ena amati katupe ndi wa makolo. Inde ndi wakale. Koma kale anthu anali ochepa, maiwe anali ambiri ndi akuya, ukathira limodzi ena khumi atsala oti adzabwezeretse mbewu madzi akasefukira. Lero ukathira atatu wathira mtsinje wonse.

Choipa kuposa katupe ndi botolo la m'dimba. Ife alimi a tomato, kabichi ndi thonje timawadziwa mankhwala amenewa, Cypermethrin ndi anzake. Werengani pa chipepala cha botolo, amalemba ndithu kuti ndi oopsa kwa nsomba. Timadontho tochepa tikwanira kupha dziwe. Alipo amene amathira dala, ndipo nsomba zakezo amakagulitsa kwa anthu amene sakudziwa kanthu, mwana n'kudya. Alipo ambiri amene sathira dala koma amatsukira sipuleya mumtsinje akamaliza kupopera, kapena kutaya botolo pagombe. Zotsatira zake n'zimodzi. Tunga madzi mu ndowa, katsukire kumtunda kutali ndi gombe, sizitenga mphindi khumi. Ndipo inu a m'tauni musaone ngati ndi nkhani ya kumudzi. Mitsinje yathu yonse imathira mu Shire, ndipo mu Shire momwemo, pa Walker's Ferry, ndi pamene Blantyre Water Board imapopa madzi ambiri amene mumamwa. Sindikunena kuti botolo limodzi la ku Lirangwe lidzatulukira pa mpopi wanu ku Chilomoni, Shire ndi wamkulu. Ndikunena kuti mtsinje ndi umodzi, tonse tili pa iwo.

Za maneti a udzudzu ndiye tonse tikuziona, palibe chobisa. Neti imene anakupatsa kusikelo kuti mwana asadwale malungo, anthu awiri agwira uku ndi uku, kukokolola kamtsinje kuyambira kumunsi mpaka kumtunda. Maso a neti anawapanga oti udzudzu usadutse, nanga kansomba kangadutse bwanji? Imakokolola ndi mazira omwe. Neti yatsopano ilinso ndi mankhwala a gulu lomwelo la Cypermethrin. Chimene chimatuluka ndi phala la tinsomba tosadziwika mtundu, todzaza mbale imodzi, timene tikanasiyidwa miyezi isanu tikanadzaza dengu. Usiku mwana agona pamtetete, mwezi wa Febuluwale tili pamzere kuchipatala.

Koma pamene pakundiwawa kwambiri, pamene pandilembetsa zonsezi, ndi usiku wa mvula yoyamba yodzaza mtsinje. Mlamba suswana chaka chonse. Umadikira madzi atsopano. Mtsinje ukasefukira n'kulowa m'udzu wa m'madambo, milamba yaikulu imachoka m'maiwe ndi ku Shire n'kukwera usiku m'timifuleni, mpaka pamadzi olekeza m'kakolo, msana uli pamtunda. Yaikazi imamwaza mazira, yaimuna ikuthira mbewu, mazirawo amamatirira ku udzu ndipo pakatha tsiku limodzi kapena awiri aswa. Mlamba waukazi wa kilogalamu imodzi umanyamula mazira zikwi makumi angapo, ndipo ukamakula mazira amachulukirachulukira. Sulera ana ayi, ukaikira umabwerera. N'chifukwa chake umaikira ambiri chonchi, poti ambiri amadyedwa. Usiku umenewo ndi umene chaka chonse cha mtsinje chimadzalidwa.

Ndiye ife timatani? Tochi, chikwanje, mkondo, chibonga. Nsomba ili pa ntchito yake, siithawa, mwana wazaka khumi akhoza kuitema. M'mawa m'mudzi monse fungo la mlamba, amayi akutumbula, mazira obiriwira aja ali mbwee m'beseni, nkhuku zikujompha. Timasangalala, timati chaka chino Mulungu watikumbukira. Tonsefe ndife alimi. Ndani mwa ife angakazinge mbewu ya chimanga usiku woti mawa adzala? Nanga mbuzi ya bere ndani amaipha pa Khirisimasi, mbuzi yotheno ili m'khola momwemo? Pa mbuzi timadziwa, pa mlamba timaiwala, chifukwa mbuzi ili ndi mwini wake pamene mlamba ndi wa amene wafika msanga. Mzungu wa pike uja akubweza yaikazi yaikulu akuchita chomwecho chimene ife timachita ndi thadzi la nkhuku.

Ndikudziwa mayankho amene abwere. Loyamba ndi lakuti mlamba sutha, umabisala m'matope, wakhalapo chiyambire. Ndi wolimbadi, n'chifukwa chake udakalipo pamene nsomba zina zinasowa kale. Koma funsani akuluakulu a m'mudzi mwanu akuwerengereni maina a maiwe amene ankasambiramo ali anyamata, mukaone kuti ndi angati lero ali mchenga wokhawokha. Mitengo inapita ku makala amene amatsika pa njinga tsiku ndi tsiku kulowa m'tauni, talima mpaka m'mphepete mwenimweni, dothi lonse likutsikira mumtsinje. Ndi dothi lomwelo limene EGENCO imalimbana nalo pa damu la Nkula. Namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anangomalizitsa, mitsinje ina inasintha ndi njira yomwe. Nsomba imene malo ake obisala achepa chonchi singapirirenso katupe, neti ndi chikwanje, zonse chaka chimodzi. Nayonso nyanja anthu ankati siingathe. Lero nchila imene inali yambiri zaka za m'ma 1950 ndi ndani wa ife anailawapo?

Yankho lachiwiri ndi lolemera, ndipo sindilipeputsa: njala. Usipa wakwera, soya pisi wakwera, nyama ndiye ya pa ukwati ndi pa maliro. Mayi wamasiye amene wakoka neti kuti ana adyere nsima, kumuuza za malamulo a ku Ireland ndi chipongwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amatero, ndipo ali ndi mfundo. Ine sindikunena kuti mayi ameneyu amangidwe kapena alipitsidwe mbuzi. Koma taonani amene akumubera. Si amene akuti tisunge dziwe. Ndi anyamata anayi amene athira botolo mu Okutobala, kugulitsa zonse tsiku limodzi, ndalama kuthera pa kachasu, mayi uja n'kutsala ndi madzi opanda kanthu mpaka chaka chamawa. Dziwe lamoyo limapatsa mwana wake wa mbedza mlamba umodzi kapena iwiri pa sabata chilimwe chonse. Dziwe lothiridwa limapereka phwando la tsiku limodzi. Ndiponso nthawi imene ndikupempha kuti tiusiye mlamba ndi nthawi imene ndiwo zina zimabwera zokha: ngumbi zatuluka, bowa wamera, bonongwe, chisoso, luni, denje, nkhwani zili m'munda. Mwezi wovuta ndiwo ndi Okutobala, ndipo mu Okutobala mbedza palibe akuiletsa.

Lamulo lilipo. Lamulo la za usodzi limaletsa kupha nsomba ndi poizoni, ndipo neti ya udzudzu si chida chololedwa. Koma tinene zoona, maso a boma pa nsomba ali ku Mangochi ndi ku Salima, kumene kuli chambo ndi usipa wa ndalama. Palibe amene adzabwere pa galimoto kudzalondera dziwe la kuseri kwa dimba lanu usiku. Ngati kuli kusunga, tisunga tokha. Ndipo chitsanzo sichili ku Ulaya kokha. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, kuyambira Disembala mpaka kudzatsegula mu Epulo, ndi malamulo a mudzi, ndipo wolakwa amathamangitsidwa pachilumbapo. Mpaka lero asodzi amachokera kutali kukadikira tsiku lotsegula, chifukwa nsomba za kumeneko ndi zazikulu. Sanayambe ndi pulojekiti kapena alawansi. Anayamba ndi mfumu imene anthu ake anaimvera.

Ndiye pempho langa kwa a Gulupu ndi a nyakwawa athu, kwa Kuntaja, kwa Kunthembwe, kwa Chigaru, kwa Lundu, ndi ili, ndipo ndikulinena mwaulemu wonse. Pa msonkhano wa makuponi anthu amabwera onse, nkhaniyi ilowe pomwepo. Katupe ndi mankhwala a m'botolo mumtsinje zikhale mlandu wa pabwalo, chindapusa chake chowawa, chifukwa amene wathira waphera mudzi wonse ndi midzi ya kumunsi. Kuyambira mvula yoyamba yodzaza mtsinje mpaka kutha kwa Januwale, kutema milamba m'madambo usiku kulekeke, ndipo wotchinga kamtsinje ndi miono asiye mpata mbali imodzi woti nsomba zikwere. Mudzi uliwonse usankhe dziwe limodzi lakuya loti musalowe neti yamtundu uliwonse chaka chonse, mbedza yokha, ndipo pagombe pake pasalimidwe, pabzalidwe bango, nsungwi ndi vetiva. Dziwe limodzi lokha. Ena adzati nanga midzi ya kumtunda ikapanda kutsatira? N'chifukwa chake ndatchula mafumu akuluakulu, kuti mawu achokere kumwamba n'kutsika mtsinje wonse. Koma ngakhale mudzi umodzi utayamba wokha, mlamba wa m'dziwe lawo m'chilimwe suchoka, adzaudya ndi iwowo.

Mbedza ndaisiya dala osaitsekera, ngakhale ku England amatseka zonse. Mukaletsa mwana kuwedza, lamulo lonse anthu adzalida ndipo lidzafa mwezi womwewo. Koma wowedza m'dzinja aphunzire kuyang'ana chimene wagwira. Waukazi wa mazira mimba imakhala yotupa ndi yofewa, potulukira mazira pali pozungulira ndi pofiirira. Wamphongo ali ndi kanyama kosongoka pamalo omwewo, mimba yake ndi yowuma. Wamphongo tengani mukadye. Wamazira wamkulu mubwezeni. Anzanu adzakusekani sabata yoyamba, shuwa, monga timawasekera azungu aja.

Inu amene muli ndi madamu a nsomba m'madimba mukudziwa kale ntchito ya nsomba yodya zinzake. Makumba akaswana mopanda woletsa damu limadzaza tiana tosakula, ndipo milamba yowerengeka yaing'ono ndi imene imapatulira. Mbewu ya nsomba yoweta imapezeka ku Domasi ndi kwa alimi ena amene amaswetsa. Si nzeru kukakokolola ya mumtsinje ndi neti kuti mudzathire m'damu.

A m'tauni, mbali yanu nayi. Mukaima pa Lirangwe kapena pa Lunzu pobwerera, mukapeza mulu wa nsomba za mumtsinje zosakanikirana, yaikulu, tiana, mitundu yonse pamodzi, zopanda bala la mbedza, pa nthawi yoti mitsinje yaphwa, funsani kuti zaphedwa bwanji musanatulutse ndalama. Mukagula mwalipira botolo lotsatira, ndipo mukudyetsa ana anu chimene simukuchidziwa. Ndipo mukamabwera ku Khirisimasi, pambali pa shuga ndi buledi, muponyemo kapaketi ka mbedza zokulirapo ndi mpukutu wa chingwe cha nayiloni, za ku Limbe konko, mtengo wake sufika pa kireti ya zakumwa. Mupatse adzukulu anu, ndipo mupemphe agogo amene akadali ndi mphamvu apite nawo kudziwe madzulo awiri atatu akawaonetse poponya. Muonjezepo ka pulayala kakang'ono. Pobweza nsomba manja akhale onyowa, mbedza muitulutse ndi pulayala mobwerera momwe inalowera, ndipo ikakhala kuti yamezedwa mpaka kummero musaikoke, dulani chingwe pafupi ndi pakamwa n'kuutsitsa mlambawo m'madzi mutu patsogolo.